Kutulutsa ma stems kamodzi n'kutha: yankho kwa pulodyusa wa ku Bangula

Funso la lero lachokera kwa mnyamata wa ku Bangula amene ali ndi kasitudiyo kunyumba kwawo. Walemba motere: "Ndinajambula kwaya ya kutchalitchi kwathu ndi FL Studio, nyimbo ya mphindi 5. Muli wotsogolera, kwaya, kiyibodi, besi, ng'oma, ndipo tinaikamonso ulimba. Amene akukamiksa ku Blantyre anati nditumize ma stems. Ndinachezera usiku wonse kuika track iliyonse pa solo n'kuitulutsa payokha, ma track 32, magetsi n'kuzima kawiri. Nditatumiza pa WhatsApp bandulo yonse inatha, koma iwo akuti mafayilo sakugwirizana, ena akuyamba mochedwa, ena mawu akusweka. Kodi njira yachidule ndi iti?"

Achimwene, pepani ndi tulo timene munataya. Chimene chandikhudza powerenga n'chakuti ntchito yovuta munali mutaimaliza kale. Kusonkhanitsa kwaya, kuwapempha anthu abwereze nyimbo imodzi kasanu m'kutentha kwa kwathu kuno, kutchera mayikolofoni mpaka ulimba umveke ngati ulimba, zimenezo ndiye zofuna luso. Kutulutsa mafayilo ndi ntchito ya mphindi zochepa, chifukwa FL Studio, pulogalamu ya pa kompyuta yojambulira ndi kusakaniza nyimbo, imatha kutulutsa ma track onse 32 pa ulendo umodzi. Nthawi yanu iyenera kuthera pa kusesa m'nyumba musanadine Export, ndipo mukasesa bwino kamodzi simubwerezanso.

Musanakhudze laputopu, imbirani foni mkulu wa ku Blantyreyo. Mawu akuti stems ife a m'masitudiyo timangowatchula mwachisawawa, chonsecho amaimira zinthu ziwiri zosiyana. Ma stems enieni ndi magulu: ng'oma zonse mu fayilo imodzi, besi payokha, makiyibodi pamodzi, ulimba, kwaya yonse, kenako wotsogolera. Mafayilo 6 basi, ndipo ukawasanjikiza amabweza nyimbo monga unaimiksira mwini wake. Amenewa amafunidwa ndi munthu wa mastering (kusalaza nyimbo komaliza), wopanga vidiyo, kapena kwaya imene ikufuna kukaimba pamwamba pa zida zokha kumsonkhano. Chinthu chachiwiri ndi ma multitrack, ndiye kuti track iliyonse payokha: kick (ng'oma yaikulu) payokha, snare payokha, mayikolofoni ya ma soprano payokha, ya ma tenor payokha. Munthu amene akukamiksa nyimbo kuyambira pansi amafuna zimenezi, ngakhale pakamwa pake patuluke mawu oti stems. Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Afunseni ngati akufuna magulu kapena track iliyonse, ngati akufuna mawu okhala ndi ma effects kapena ouma, ndiponso ngati angalandire pa fulashi.

Yankho la funso loyambalo likhudza thumba lanu. Fayilo ya WAV ya stereo, ya 24-bit pa 48 kHz, imadya pafupifupi 17.3 MB pa mphindi iliyonse. Masamu ake ndi apafupi: 48,000 kuchulukitsa ndi mabayiti 3, kuchulukitsanso ndi mbali ziwiri, pa sekondi imodzi. Nyimbo yanu ya mphindi 5 ndiye 86 MB pa track imodzi, kaya muli nyimbo kaya muli zii. Ma track 32 akukwana 2.8 GB, pomwe magulu 6 ndi 518 MB. Muyenera kudziwa katundu amene mukunyamula musanagule bandulo.

Tsopano tione chimene chinasokoneza usiku uja. Batani la solo, limene limasiya track imodzi ikulira zina zonse zili chete, analipangira kumvetsera, ndipo mukamatulutsira nalo mafayilo pali misampha itatu. Woyamba ndi poyambira. Mukasankha kachigawo mu Playlist, FL Studio imatulutsa kachigawo komweko basi. Wotsogolera akayamba kuimba pa bar 9 (ma bar ndi zigawo zowerengera nyimbo) inu n'kusankha kuyambira pamenepo, fayilo yake imayambira pa bar 9, pomwe ya ng'oma yayambira pa bar 1. Wa ku Blantyre akazikoka zonse n'kuziika pachiyambi, wotsogolera amakhala akuimba kwaya isanapume n'komwe. Akuluakulu anati liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi. Fayilo iliyonse iyambire pa bar 1, ngakhale ya chida chimene chikulira kamodzi kokha kumapeto. Bata lakumayambirolo ndi limene limauza fayiloyo malo ake.

Msampha wachiwiri uli pa Master, track imene mawu onse amathera. Ma template ena a FL Studio amabwera ndi Fruity Limiter, yoletsa mawu kupitirira mulingo, pa Master, ndipo ambiri timawonjezerapo zathu kuti nyimbo imveke mwamphamvu pofanizira ndi za pawailesi. Zida zonse zikamalira pamodzi, limiter imagwira katundu yense n'kumupondereza. Mukaika track imodzi pa solo, limiter yomweyo imakweza kachida kamodzi kamene sikanafunike kukwezedwa. Mukachita zimenezi ka 32, mwatumiza mafayilo 32 okwezedwa aliyense payekha, ndipo akakumana pa kompyuta ya mnzanu mita imakhala yofiira kuyambira pachiyambi mpaka kumapeto. Kusweka kumene akudandaulako ndikukhulupirira kwachokera apa.

Wachitatu ndi wobisika. Ngati munachita sidechain kuti besi izigonja pang'ono kick ikagunda, besiyo imadalira kumva kick. Pa solo kick yakhala chete, ndiye besi imatuluka yosagonja, n'kukamenyana ndi kick ku Blantyre. Potulutsa zonse pa ulendo umodzi, zida zimakhala zikumvana monga nthawi zonse, ndipo chilichonse chimalembedwa mu fayilo yake chikuchita zomwe chimachita mu nyimbo.

Kusesa kumayamba ndi kusunga. Dinani Ctrl+N, FL Studio isunge nyimbo yanu pa dzina latsopano, kuti zonse zimene muchite kuyambira pano zisakhudze yoyambirira ija. Kenako tsegulani Channel Rack muyang'ane kabokosi ka nambala kamene kali pambali pa channel iliyonse. Nambalayo ndi ya track ya Mixer kumene mawu akupita. Pamene palibe nambala, mawuwo akulunjika ku Master, ndipo sadzakhala ndi fayilo yawoyawo. Ili ndi vuto limene ndimalipeza kawirikawiri m'mapulojekiti a achinyamata: shaker, clap ndi mawu ojambulidwa mochedwa zimakhala zilibe kwawo. Sankhani ma channel osowa kwawo, dinani track yopanda kanthu mu Mixer, kenako Shift+Ctrl+L, ndipo aliyense apatsidwa track yake motsatana. Zidutswa za wotsogolera, ngakhale zikhale 15 chifukwa munajambula ndime ndi ndime, zonse zipite ku track imodzi ndi Ctrl+L.

Mayina ndi ofunika kuposa mmene ambiri amaganizira, chifukwa dzina la track ndi limene limakhala dzina la fayilo. Munthu akalandira Insert 14, Insert 15 ndi Insert 22 amayenera kumvetsera imodziimodzi kuti adziwe chili m'katimo, ndipo ola limenelo likanathera pa nyimbo yanu. Dinani F2 pa track iliyonse mulembe nambala kutsogolo kuti zisanjike zokha: 01_Kick, 02_Snare, 07_Besi, 11_Ulimba_kumanzere, 12_Ulimba_kumanja, 20_Wotsogolera, 21_Soprano. Chichewa chilibe vuto pa mayina amenewa, koma pewani tizizindikiro. Lembani Ngoma m'malo mwa Ng'oma, chifukwa mapulogalamu ena amakodwa pa kachizindikiro kapamwambako.

Mukadali pomwepo, dulani malo onse amene munthu sakuimba. Mayikolofoni ya ma alto ikadikira mavesi awiri isanalowe, mmenemo mumakhala tambala, njinga yamoto ya kabaza, chigayo cha kutsidya kwa msewu ndi wina wokhosomola. Dulani, muike ka fade kakafupi kumayambiriro ndi kumapeto kwa chidutswa chilichonse kuti pasamveke kuthetheka. Phindu lake lina muliona potumiza.

Chenjerani ndi kiyibodi. Masitudiyo ambiri a nyimbo zauzimu kuno amagwiritsa ntchito Yamaha PSR kapena Korg yolumikizidwa ndi MIDI. Ngati mawu akutuluka mu kiyibodimo, kompyuta ikungoiuza manotsi, Export sidzatulutsa kanthu, chifukwa mawuwo sali mu kompyuta. Muyenera kuyamba mwawajambula ngati audio, piyano payokha, ma strings payokha, besi payokha, nyimbo ikulira kuyambira pa bar 1. Apa palibe chidule, mphindi 5 pa chida chilichonse.

Zikatha izi, onetsetsani kuti mu Playlist mulibe kachigawo kofiira kosankhidwa pamwamba, ndipo FL Studio ili pa Song osati pa Pattern. Dinani Ctrl+R. Pa windo limene lituluke sankhani WAV, 24-bit, kenako chongani Split mixer tracks. Kabatani kameneka ndi kamene kakanakupatsani tulo usiku uja. Pa Tail sankhani Leave remainder, kuti reverb (kulira kotsalira ngati kwa m'holo) ya noti yomaliza ya kwaya izilale yokha. Cut remainder imadula mchirawo ngati chikwanje, ndipo Wrap remainder imaubweza kuchiyambi, zimene zimathandiza pa ma loop okha. Zimitsani limiter ndi zonse za pa Master. Pa Resampling anthu amakonda kukankhira pa 512-point sinc poganiza kuti nambala yaikulu ndiye ubwino, koma imachedwetsa kwambiri pa laputopu yofooka. Ine ndimasiya pa 64, ndipo pa nyimbo ya kwaya imene zambiri ndi mawu ojambulidwa simudzamva kusiyana. Pangani foda yatsopano ya nyimbo yokhayi musanadine Start, mafayilo asamwazike pakati pa zinthu zina.

Ikamaliza mupeza mafayilo ochuluka kuposa amene mumayembekezera. Mukhala ya Master, ina yotchedwa Current, ndiponso ya bus iliyonse, ndiye kuti track imene imasonkhanitsa ma track ena. Ngati ma soprano, alto, tenor ndi bass onse amadutsa pa track imodzi yotchedwa Kwaya, mupeza mafayilo anayi a magulu a mawuwo ndi yachisanu ya onse pamodzi. Mnzanu akalowetsa zonse zisanu, kwaya imveka kawiri. Ubwino wake ndi wakuti ulendo umodzi womwewo wakupatsani zonse ziwiri, ma multitrack ndi magulu. Pangani mafoda awiri, ina ya ma track, ina ya magulu, mutumize imene yapemphedwa. Current ifufuteni.

Nkhani ya ma effects ndi imene anthu amakangana, ndipo ine maganizo anga ndi awa. Effect imene ili mbali ya chidacho isiyeni. Ngati kiyibodi munaipatsa delay imene ikupanga kayendedwe ka nyimbo, kapena munakonza manotsi a wotsogolera ndi Auto-Tune kapena NewTone iye n'kuvomereza, zimenezo zatenga kale malo mu nyimbo, ndipo wa ku Blantyre sangazipange ndendende mmene munazipangira. Koma reverb ndi compressor yolemera pa mawu a anthu zichotseni. Reverb ikalowa mu fayilo siituluka, ndipo munthu amene mukumulipira kuti amikse mwam'manga manja. Ngati reverb yanu ili pa send track, ndiye kuti pa track yakeyake imene ma track ena amatumizako mawu, palibe chovuta, ituluka ngati fayilo yakeyake, iye asankha yekha kuigwiritsa ntchito kapena ayi. Pa windo la Export pali kabatani ka Enable insert effects kozimitsira zonse nthawi imodzi, koma kumbukirani kuti kamazimitsa ndi Auto-Tune yomwe. Njira imene ndimatsata ndi kuzimitsa ndi dzanja zimene sindikufuna, n'kutulutsa zonse, kenako wotsogolera yekha ndimamutumiza kawiri, wouma ndi wovala ma effects, kuti womiksa amve kumene mtima wanga umaloza.

Pa ulimba ndikupempheni chinthu chimodzi. Kunjenjemera kumene kumachokera m'zikho za pansi pake, kuja kumamveka ngati njuchi pansi pa noti iliyonse, ndiye ulimbawo. Munthu amene sanakule akuumva ku Nsanje kapena ku Ngabu akhoza kuganiza kuti mayikolofoni inasweka, n'kukuchotsa ndi EQ. Ndinamvapo nyimbo itabwerako kotero, ulimba ukulira ngati kabelu ka pa kiyibodi, ndipo mkulu amene anauimba anangoweramitsa mutu osanena kanthu. Lembani mu uthenga kuti kunjenjemerako n'kwadala. Ndipo ngati munaujambula ndi mamayikolofoni awiri, musasunthe imodzi kusiya inzake, ngakhale pang'ono. Ziwirizo zikasemphana ndi kachigawo kochepa ka sekondi, manotsi a pansi amadyana, ulimba n'kuwonda.

Za mtundu wa fayilo sindichedwapo. MP3 ayi. Imataya mbali ya mawu kuti ichepe, ndipo imaika kabata ka ma millisecond pafupifupi 25 kumayambiriro, kokwanira kusokoneza ng'oma ikasakanizidwa ndi ma WAV. Sample rate isiyeni pamene munajambulira. Ngati munajambula pa 44.1 kHz, tumizani 44.1 ndipo nenani, chifukwa fayilo ya 44.1 ikaseweredwa ngati ya 48 popanda kusinthidwa imathamanga n'kukwera pafupifupi semitone imodzi ndi theka. Normalize isakhudzidwe, chifukwa imakweza fayilo iliyonse kufika padenga, shaker n'kufanana mphamvu ndi wotsogolera. Dither ndi ya pomaliza penipeni potsikira ku 16-bit, si ya lero. Yang'anani mamita a Mixer nyimbo ikulira: track iliyonse isafike pa 0 dB, ndipo pamene yakwera kwambiri ikamathera cha pa -6 muli pabwino. Ngati pali ina imene ikudutsa ndipo simukufuna kusokoneza mulingo, 32-bit float siidula mawu opitirira, koma fayilo ya stereo ya mphindi 5 imakwera kuchoka pa 86 MB kufika pa 115 MB. Kutsitsa fader n'kotchipa.

Anzathu a mapulogalamu ena, nzeru ndi yomweyi, mayina okha ndiwo asiyana. Mu Cubase ikani locator yakumanzere pa bar 1, yakumanja mupitirire mapeto ndi ma bar awiri kapena atatu kuti mchira ukwane, kenako File, Export, Audio Mixdown. Pa Cubase 5, imene ikadali m'masitudiyo ambiri, chongani Channel Batch Export, ndipo pa Cubase Pro yatsopano sankhani Multiple. Mu Ableton Live ndi All Individual Tracks, mu Studio One ndi Export Stems. Reaper ili ndi kabwino kena: mukalemba $tracknumber ndi $track pa dzina la fayilo imatchula yokha mafayilo onse, ndipo imatha kutulutsa track ya mono ngati mono.

Tibwere ku za kwathu kuno, zimene mabuku a mapulogalamuwa sanena. Mu Okutobala ndi Novembala chigwa chino kutentha kumapitirira madigiri 40, ndipo m'chipinda cha malata chotseka mawindo poopa phokoso mumaposa apo. Export imagwiritsa ntchito purosesa mwamphamvu kuposa china chilichonse, ndipo purosesa ikayandikira madigiri 100 imadzichepetsa liwiro yokha kuti isapse, ikalephera imazimitsa laputopu. Kuchedwako sikuwononga mawu, fayilo imatuluka chimodzimodzi, koma kuzima pakati kumakubwezani pachiyambi. Ine ndimatulutsa m'mamawa kusanatenthe. Laputopu ndimaichotsa pa nsalu ya patebulo, n'kuikhazika pa zitsekerero zinayi za mabotolo kuti mpweya udutse pansi, fani n'kuilozetsa m'mbali mmene mumatulukira mpweya wotentha. Kamodzi pa miyezi ingapo pitani nayo kwa wokonza akaipukute fumbi m'kati, chifukwa fumbi la m'chilimwe limatseka timabowo ngati thonje. Batire ikhale yodzaza musanayambe, chaja ili pomwepo, popeza laputopu zambiri zimafooka zikamayendera batire yokha. Tonse tikukumbukira mmene zinalili namondwe Ana atawononga Kapichira mu Januwale 2022, pamene maola a magetsi ankawerengeka. Munthu wotulutsa track imodziimodzi amafunika magetsi a usiku wonse, pomwe wa Split mixer tracks batire yokha imamukwanira.

Gawo limene ambiri amalumpha ndi kuyesa, ndipo ndi limene likanapulumutsa bandulo yanu. Tsegulani pulojekiti yatsopano yopanda kanthu, yopanda limiter, muike BPM (liwiro) ya nyimbo, kenako kokerani mafayilo onse a mu foda imene mukutumiza pa bar 1. Osakhudza fader iliyonse. Dinani play, mumvetsere mpaka kumapeto mutavala mahedifoni. Chimene mukumva ndi chimene akamve ku Blantyre. Ngati clap yasowa, mwaidziwira kunyumba. Ngati kwaya yakula modabwitsa, bus yalowa kawiri. Pali kayesedwe kena kokoma kwa amene munasiya ma effects onse m'malo mwake: ikani fayilo ya Master pa track yakeyake, mudine Reverse polarity pa track imeneyo, n'kusewera zonse pamodzi. Mafayilo anu akakhala athunthu, amafafanizana ndi Master mpaka kutsala zii kapena kamphepo chabe. Chimene chatsala chikumveka bwinobwino ndicho chasowa kapena chalowa kawiri. Tsiku loyamba kuona zimenezi mudzadabwa, mamita onse akuvina koma masipika ali chete.

Potumiza, chepetsani katundu popanda kutaya mawu. Mayikolofoni imodzi imajambula mono, ndiye kick, snare, besi, wotsogolera ndi gulu lililonse la kwaya lojambulidwa ndi mayikolofoni imodzi sizifunika stereo. Fayilo ya mono ndi theka, 43 MB. Pa ma track anu 32, ngati 22 ndi a mono, katundu watsika kuchoka pa 2.8 GB kufika pa 1.8 GB. FL Studio ikagawa ma track imawatulutsa onse mofanana, ndiye ngati kusintha kukuvutani musataye nazo nthawi, ZIP ikuthandizani. Apa ndi pamene kudula kuja kukubwezerani: malo amene munadula ndi bata lenileni, ma ziro okhaokha, ndipo ZIP imawapinda kutsala pang'ono kutheratu. Track ya ma alto imene imaimba pa kolasi pokha imachepa kwambiri. FLAC imachepetsa koposa apo osataya kanthu, koma si mapulogalamu onse amaitsegula, choncho yambani mwafunsa.

Pa WhatsApp tumizani ZIP ngati Document, imene imalola mpaka 2 GB ndipo siisintha fayilo. Koma netiweki ikamadukaduka, chifayilo chimodzi chachikulu chikafera pa 90 peresenti mwaluza zonse. Pulogalamu yaulere ya 7-Zip imatha kugawa katundu m'zidutswa, mwachitsanzo za 200 MB, ndipo chimodzi chikakanika mumabwereza chokhacho. Google Drive imapereka 15 GB yaulere, ndipo ubwino wake mafayilo amakhalabe pomwepo ngakhale foni itatayika. Komanso musaderere fulashi. Minibasi yonyamuka pa Bangula m'mawa imadutsa Ngabu, Nchalo, Dyeratu, kuwoloka Shire pa mlatho wa Kamuzu, kukwera zitunda za pa Thabwa, n'kufika mu Blantyre tsiku lomwelo. Ngati ndi chimbale chonse cha nyimbo 10, fulashi m'thumba la wachibale wodalirika imaposa bandulo iliyonse. Dziwani kuti fulashi ya FAT32 siilandira fayilo imodzi yoposa 4 GB, ndiye ZIP iliyonse ikhale ya nyimbo imodzi, kapena fulashiyo muisinthe ikhale exFAT. Mukamaliza kukopera, itulutseni mwadongosolo, muilowetsenso, mutsegule ZIP imodzi kuchokera pa fulashipo kuti mutsimikize.

M'foda muikenso zinthu ziwiri zing'onozing'ono. Choyamba ndi mix yanu yongoyerekeza, iyi yokha ikhoza kukhala MP3, kuti womiksa amve chimene kwaya inamva n'kukonda. Chachiwiri ndi kakalata ka mizere yochepa: dzina la nyimbo, BPM, key, sample rate, ndi mawu onse a nyimbo. Ngati kwaya inaimba popanda click yosunga liwiro, liwiro likusinthasintha monga zimakhalira nyimbo ikafika pokoma, nenani, asavutike kuikokera pa grid. Ngati muli ndime za Chisena, zilembeni ndi tanthauzo lake. Womiksa amene samva Chisena sangadziwe liwu limene lanyamula uthenga, ndipo akhoza kulikwirira ndi ng'oma mosadziwa.

Pali chifukwa china chimene ndimatulutsira ma track a nyimbo iliyonse ndikaimaliza, ngakhale palibe amene wapempha. Madzi osefukira a mu Januwale 2015 anandilowera m'nyumba, kompyuta n'kumira. Mapulojekiti ena ndinali nditawakopera kwa mnzanga, koma nditawatsegula pa kompyuta ina theka la ma plugin panalibe, ma sample ena akusowa, nyimbo zinangotsala mafupa. Zimene zinapulumuka zathunthu ndi nyimbo zitatu zimene ma WAV ake anali kwa womiksa kumtunda. Pa zotayikazo panali mawu a mayi wina wa kwaya amene pano anatisiya, ndipo ana ake anabwera kudzafunsa. Madzi anabweranso mu 2019, mu 2022, ndiponso ndi Freddy mu Malichi 2023, ndipo inu a ku Bangula simufunika kuuzidwa. Fayilo ya FLP, imene ndi pulojekiti ya FL Studio, imangosunga malangizo, imadalira kuti plugin iliyonse ndi sample iliyonse ikhalepo. WAV imatseguka pa kompyuta iliyonse. Sungani kope limodzi kunyumba, lina pa Drive kapena kwa wachibale wa kumtunda, ndipo pulojekiti yeniyeniyo muitulutsenso ngati Zipped loop package kuti inyamule ma sample ake.

Pa nyimbo imene ili m'manjayi, musayese kukonza mafayilo 32 aja, afufuteni asakusokonezeni. Imbani foni lero madzulo, mawa m'mamawa musese Mixer, ndipo kusesako kukutengerani mwina ola limodzi popeza n'koyamba. Wa ku Blantyre akanena kuti zalowa bwino, tsegulani kope la pulojekitiyo, muchotsemo mawu onse ndi ma pattern, musiye Mixer ndi mayina ake, mabus ndi ma send, n'kuisunga ngati template yotchedwa Kwaya. Nyimbo yachiwiri ya chimbalechi mudzaijambulire mmenemo, ma soprano akulowa pa 21 ndipo ulimba pa 11 ndi 12 kuyambira tsiku loyamba.